Kalata Yoti Ndine Mbeta

Ndinabadwira ku Mulanje, m'mudzi wa kumunsi kwa minda ya tiyi, pamalo poti ukakwera pachulu umaona nyumba za ku Mozambiki tsidya la mtsinje. Amuna anga ndi a kuno ku Milange, mbali ya Mozambiki. Anafika kwathu ali mnyamata, akuthawa nkhondo ndi mayi awo, nakhala kukampu ya othawa yomwe inali pafupi ndi mudzi wathu. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'njira ya kumsika. Njinga ya bambo anga inkaphwa matayala kuposa njinga zonse za m'mudzimo, ndipo bambo anamwalira osadziwa kuti minga yake ndinkabaya ndine, kuti azindituma kwa wokonzayo.

Tinakwatirana mmene anthu ankakwatiranirana. Malume anga anali nkhoswe ya kuchikazi, msuweni wa apongozi anga nkhoswe ya kuchimuna, tambala ndi thadzi zinasinthana manja anthu akuona. Lamlungu lotsatira mbusa wina, nayenso wothawa nkhondo, anatidalitsa m'tchalitchi cha udzu kukampuko, nalemba maina athu m'kope la ana asukulu. Mtendere utabwera kampu inapasuka. Mbusayo anabwerera kwawo cha ku Morrumbala ndi kope lakelo, ife tinawoloka kudzamanga kuno. Palibe amene anandifunsa kanthu pamalire. Anthu ankawoloka ndi mbuzi, mabedi ndi malata pamutu, ndani akanaima kuwerenga kuti uyu ngwa mbali iti?

Ndakhala kuno zaka zoposa makumi atatu. Ndabereka ana asanu, mmodzi ali m'manda a konkuno. Apongozi anga ndinawadwazika ine mpaka kuwatseka maso. Ndili ndi benchi ya zitenje mumsika wa Milange, ndipo pali akazi amene ndinawagulitsa chitenje choberekera mwana, mwanayo n'kudzagulanso kwa ine choberekera wake.

Tsiku lina m'mawa, ndikuyala katundu, kunabwera anthu a mayunifomu akuyenda benchi ndi benchi kufunsa mapepala. Ndinawapatsa chiphaso changa cha ku Malawi mosaopa chilichonse. Mmodzi anachitembenuza, nandifunsa kuti ndalowa liti m'dziko muno. Ndinati nkhondo itangotha. Anaganiza kuti ndikumuseka. Anandiimika padzuwa pambali pa galimoto yawo, pamodzi ndi anyamata ogulitsa mafoni amene anawoloka m'mawa womwewo, msika wonse ukundiyang'ana. Amuna anga anabwera akuthamanga, manja ali bii ndi girisi. Kenako kunabwera mwana wathu wachiwiri, yemwe ndi mphunzitsi wa pulayimale ndipo Chipwitikizi amachidziwa bwino. Analankhula ndi wamkulu wawo nthawi yaitali. Wamkuluyo sanali munthu woipa. Anandimasula, koma anati pamaso pa lamulo ndine mlendo wopanda chilolezo chokhala m'dziko, ndipo njira yabwino n'kukamanga ukwati wa kuboma kuti ndidzathe kupempha unzika monga mkazi wa mwini dziko.

Lolemba lotsatira tinapita ku ofesi yolembetsa maukwati, ine, amuna anga ndi mwana wathu mphunzitsiyo. Anatilandira mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba, waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkandipsetsa mtima koposa, chifukwa panalibe pomugwira. Anati popeza ndine nzika ya dziko lina, ndibweretse pasipoti, kalata ya kubadwa, kalata ya mlembi wa dera lathu yotsimikiza kuti ndimakhala kumeneko, ndi kalata yochokera ku boma la kwathu yonena kuti sindili pabanja ndipo palibe chondiletsa kukwatiwa. Za ku Malawizo zikadindidwe ku likulu la dzikolo, kenako zimasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira.

Mwana wanga atamaliza kunditanthauzira ndinati, "Uwauze kuti ine ndi bambo akowa ndife okwatirana kale."

Mtsikanayo anamva yekha, nayankha m'Chinyanja. "Ngati ndi choncho, mama, mungobweretsa kalata ya ukwatiwo, tiulembe m'buku lathu. N'zosavuta."

"Kalata ndi uyu waima apayu. Kunyumba kuli ena atatu."

"Mama, ana si kalata."

Ndinayamba ndi ya kubadwa. Ine ndinabadwira kuseri kwa nyumba, pamphasa, ndipo palibe amene analemba paliponse. Ku boma la kwathu anati ndibwere ndi munthu wamkulu amene anaona kubadwa kwanga adzalumbire. Makolo anga onse anapita. Anatsala azakhali anga okha, amene maso awo anachita khungu ndipo miyendo inatupa. Tinawakweza pakabaza, ine ndikuyenda pambali nditawagwira msana, mpaka pamsewu wa minibasi. Atawafunsa mu ofesimo ngati akutsimikiza kuti ndinabadwa, azakhali anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo nati, "Nanga inu mukuona ngati anathothoka mumtengo? Mchombo wake ndinadula ndine, ndi bango." Anthu anaseka, pepala linatuluka. Azakhali anadwala sabata ziwiri chifukwa cha ulendowo.

Kenako inafika ya umbeta. Mlembi wa ofesi ina ya komweko, bambo wa imvi wovala magalasi omangirira ndi ulusi, anatenga cholembera nandifunsa ngati ndinakwatiwapo.

"Eya, bambo. Zaka makumi atatu ndi kuposa."

Anaika cholembera pansi. "Ndiye mukufuna ndikulembereni kuti simunakwatiwe?"

Ndinamufotokozera zonse, za kukampu, za nkhoswe, za kumsika. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati kuno ku Malawi ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati ndithu, choncho sangalembe kuti ndine mbeta. Ndinati chabwino, ndilembereni kuti ndine wokwatiwa, tsidya linalo alandiranso imeneyo. Anafunsa ngati ukwatiwo unalembedwa kulikonse. Anafunsa za ankhoswe, ndinati onse awiri anamwalira. Anafunsa za amfumu a nthawi imeneyo, nawonso anamwalira. Anatambasula manja. Ndinatuluka mu ofesimo ndili munthu woti ku Mozambiki sanakwatiwe ndipo ku Malawi si mbeta, ndipo mbali zonse ziwiri zinali zolondola malinga ndi mabuku awo.

Amuna anga anati apita kukafuna mbusa uja. Anatseka malo awo okonzera njinga, nayenda masiku anayi akufunsa mipingo ya kumidzi. Anapeza mkazi wa mbusayo, wokalamba, akukhala kwa mdzukulu wake. Mbusa anamwalira kalekale. Kope analikumbukira mayiyo, anati linali ndi chikuto chobiriwira, ndipo linadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi mabuku ena chaka chimene denga linagwa. Anati akutikumbukira, anati ndinavala diresi yobwereka yomwe inali yaitali. Amuna anga anandiuza zimenezi akuganiza kuti zinditonthoza.

Tinabwereranso kwa bambo wa magalasi uja. Ndinawasiya amuna anga panja. Atandiona anandizindikira, ndinaona pankhope pake. Anayang'ana pa tebulo nati, "Mayi, ine anthu ndimaona ambiri, nkhope sindisunga. Ndikufunsani funso limodzi. Muganize bwino musanayankhe, chifukwa ndimalemba chimene munthu wanena."

Anandipititsa kuchipinda china kwa wolumbiritsa. Anandipatsa Baibulo, lakuda, la m'mbali mofiira, lofanana ndendende ndi langa la kunyumba. Ine ndine wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu, ndakhala ndikuphunzitsa atsikana kuti inde wawo akhale inde. Ndinaligwira ndi dzanja lamanja n'kunena pambuyo pa munthuyo kuti sindinakwatiwepo ndi mwamuna aliyense, kuno kapena dziko lina lililonse. Dzanja linkanjenjemera mpaka wolumbiritsayo anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Panja ndinapeza amuna anga atagula chimanga chowotcha, chimodzi chawo chimodzi changa.

"Zatheka, mayi?"

"Zatheka. Mwagona ndi mbeta zaka zonsezi, bambo. Ana anuwo ndi a m'tchire."

"Aa, ndi pepala chabe limenelo. Mulungu akudziwa."

"Mulunguyo ndi amene ndamugwira m'manja pompano."

Anatulutsa chiphaso chawo cha ku Mozambiki kuti andisonyeze kanthu. Anati onani, ngakhale ine pano analemba kuti ndine wosakwatira, ndi mmene amalembera aliyense amene sanapite kuboma. Ndinachilanda n'kuyang'ana. Liwulo linalipodi. Zaka zonsezi munthu ankayenda nalo m'thumba la malaya amene ndinkachapa ine, osaona chovuta, osandiuza n'komwe. Iwo palibe anawalumbiritsa, boma linawanamira lokha. Chimanga chija ndinapatsa mayi wina amene anakhala pafupi nane m'minibasi, ndipo mpaka kumalire sindinawalankhule.

Mapepalawo anafunika chidindo cha ku likulu. Ndinapita ndekha, ulendo wanga woyamba wa ku Lilongwe, ndinagona kwa mwana wa msuweni wanga masiku asanu kudikira munthu wosaina amene anali kumaliro. Nditabwera nawo, mwana wanga mphunzitsi anafunsa ngati angamasulire yekha, poti zilankhulo zonse ziwiri amazidziwa kuposa aliyense mu ofesimo. Anakana. Anati womasulira akhale wolumbira, wa chidindo chake, ndipo amene tinamupeza anali kutali ku Quelimane, likulu la chigawo chino. Inali nthawi ya dzinja. Tinatumiza mapepala ndi mwana wathu wamwamuna, anabwera patatha sabata zitatu.

Mtsikana wa ku ofesi ya maukwati anayala zonse pa tebulo lake, nayamba kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Chala chinaima. Dzina la bambo anga limayamba ndi W, ndipo ndi mmene linalembedwera pa pasipoti ndi pa mapepala a ku Malawi. Mlembi wa dera lathu, munthu amene wandidziwa kuyambira ndili ndi mimba yoyamba, analilemba mwa Chipwitikizi, kuyamba ndi U. Womasulira uja naye pa pepala limodzi analemba W, pa linalo U.

"Awa ndi anthu awiri, mama."

"Anthu awiri ati? Mayi anga anali ndi mwamuna mmodzi."

"Ine ndikukhulupirirani. Koma amene adzawerenge fayilo iyi ine kulibe sadzakuonani."

Mlembi wa dera anakonza lake tsiku lomwelo akupepesa. La womasulira linayenera kubwerera ku Quelimane, ndipo mvula inadula msewu. Litabwera, ndinalitenga m'mawa kwambiri nditalikulunga m'pulasitiki ndi chitenje pamwamba. Mtsikanayo anaona zilembo, nagwedeza mutu kuti zili bwino. Kenako anayang'ana tsiku limene kalata ya umbeta inalembedwa, nawerenga miyezi pa zala zake. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni. Anati kalata imeneyi ili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo yadutsa ndi masiku ochepa. Munthu akhoza kukwatiwa pakati apa, choncho boma limafuna yatsopano.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Mwana wanga amati ndinalankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi chimene iye sankadziwa kuti ndimachidziwa. Ndinafunsa kuti ndikanakwatiwa ndi yani, poti miyezi yonseyi ndinali m'minibasi ndi m'mizere yawo. Ndinati abwere kunyumba adzaone mwamuna amene akuti ndikhoza kumuthawa, adzaone mano amene anatsala m'kamwa mwake. Anthu a pamzere, ena odzalembetsa ana, ena imfa, onse anatembenukira kwa ine. Mlonda anabwera kudzandigwira mkono, mtsikanayo anamuletsa. Anadikira mpaka mpweya unandithera, nati, "Mama, lamuloli sindinalembe ine." Ndikudziwa kuti sanalembe iye. Ndafunafuna amene analemba, ndipo aliyense amene ndinamupeza anali wongolisunga.

Choncho ndinawolokanso, n'kulumbiranso. Chipinda chomwecho, Baibulo lomwelo. Ulendo wachiwiriwu dzanja silinanjenjemere. Ndinanena mawuwo ngati ndikutchula mtengo wa chitenje, wolumbiritsa asanamalize n'komwe kunditsogolera. Pa zonse zimene anandichita, ichi ndi chimene sindingakhululuke. Anandizoloweretsa.

Fayilo itakwanira anamata chidziwitso pakhoma la ofesi, monga amachitira ndi ukwati uliwonse, kuti amene akudziwa choletsa abwere adzanene. Panali maina athu, zaka zathu, ndi liwu lija loti mbeta pambali pa dzina langa. Milange ndi tauni yaing'ono. Lachinayi lotsatira, titatsiriza mapemphero a amayi, amayi apampando anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Ndi munthu amene tinawolokera limodzi pochoka kukampu, iye ali ndi mwana kumsana.

"Amayi, anthu awerenga zimene zili pakhoma paja. Akuluakulu akuti mwina muyambe mwapuma kaye pa kulangiza atsikana, mpaka ukwati wanu ulongosoke."

"Ulongosoke? Inu simunali m'tchalitchi cha udzu chija? Simunaimbe nawo?"

"Ndinalipo, amayi. Koma achinyamatawa amakhulupirira zolembedwa. Akuti ngati boma lalemba kuti mbeta, ndiye kuti munavomera nokha."

Zinali zoona, ndinavomeradi ndekha, kawiri. Ndinavula mpango woyera wa chigwirizano, ndinaupinda n'kuwapatsa m'manja. Anati sanatanthauze zimenezo. Ndinati ausunge mpaka boma litandipatsa chilolezo chokhala mkazi wa amuna anga.

Palibe anabwera kudzatsutsa. Tsiku la ukwati ana anafuna kuti kukhale keke ndi galimoto yomangirira maluwa. Ndinakana zonse. Ndinavala chitenje chimene ndimavala kumsika. Amuna anga anavala jekete la mwana wawo, manja ake aatali. Mboni zinali mwana wathu mphunzitsi ndi mnzawo wa amuna anga wowotcherera zitsulo. Mkulu wa ofesiyo anavala lamba wa nsalu paphewa, natiwerengera za udindo wa mwamuna ndi mkazi. Anatilangiza kuti banja limafuna kupirira, kuti masiku oyamba amakhala ovuta pamene anthu akuphunzirana makhalidwe. Mdzukulu wathu wamkulu, amene ali ku sekondale, anaseka mpaka mayi ake anamutsina. Zonse zinatha msanga kuposa nthawi imene ndimatenga kukambirana mtengo ndi wogula mmodzi.

Nditasaina ndinapita molunjika kwa mtsikana uja ndi kalata ya ukwati, inki isanaume bwino. Ndinati tsopano ndipatseni fomu ya unzika.

Anayang'ana mwana wanga kaye, ngati akupempha thandizo. Kenako anati pempho limenelo limalandiridwa munthu akakhala muukwati zaka zisanu.

"Ndakhala makumi atatu."

"Zisanu kuyambira lero, mama. Ukwati wanu wayamba lero."

Anawonjezera kuti m'zaka zimenezi ndiyenera kukhala ndi chilolezo cha mlendo, chomakonzanso nthawi yake ikatha, ku ofesi ina, ndi mapepala akenso. Anayamba kundilembera mndandanda wake pa kapepala. Mwana wanga ndi amene anakalandira.

Tinabwerera wapansi, ana ali kutsogolo. Amuna anga anali akukankha njinga yawo, jekete atalipachika pa handulo. Chaka chimenecho anali atayamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo pachitunda cha kufupi ndi kwathu ankaima kawiri kuti apume. Ataima koyamba ndinawauza zimene zinali m'mtima mwanga kuyambira mu ofesi muja. Ndinati zaka zisanu n'zambiri kwa munthu amene amaiwala mankhwala, amene amathira mchere m'ndiwo ine ndikatembenuka. Ndinati akafa zisanakwane, sindikudziwa ngati boma lidzawerenga zimene zadutsazo kapena lidzati mkazi wamasiye ndi mlendo ngati kale, ndipo sindikufuna kukafunsa chifukwa ndikuopa yankho lake. Ndinawakalipira pamsewu, anthu akudutsa, tsiku la ukwati wathu.

Anamvetsera atatsamira chishalo. Nditamaliza anati, "Ndiyesetsa, mayi."

Pano zadutsa zaka ziwiri. Mchere ndimabisa m'chitini cha sopo pamwamba pa kabati, ndipo mapiritsi ndimawapatsa ndekha m'manja m'mawa uliwonse, ndikuyang'ana mpaka ameze.